Ndatsalira miyezi isanu pa ngongole ya nyumba: kodi nyumbayo yapita?

Funso

Zikomo bambo mlangizi. Ine ndinabadwira ku Mufakose, koma bambo anga anachokera ku Dedza. Mu 2022 ndinagula nyumba ya zipinda zinayi mu sikimu ya nyumba za anthu opeza zochepa, yomangidwa pa malo a khonsolo, ndipo banki inandibwereka ndalama m'madola a ku America kuti ndibweze pa zaka khumi, US$210 mwezi uliwonse. Ntchito yanga ku fakitale ina ku Willowvale inatha, moti tsopano ndatsalira miyezi isanu, yomwe ndi US$1,050. Panopa ndikuthandiza mnzanga wokhoma mipando ku Glen View, ndipo mayi akunyumba amagulitsa masamba omwe amapikula ku Mbare Musika. Tikaphatikiza timapeza mwina US$350 pa mwezi. Sabata yatha kwabwera kalata ya maloya a banki. Ena akuti ndisade nkhawa chifukwa nyumba ya sikimu ya khonsolo salanda. Ena akuti ndidikire ndalama isinthe ngati mu 2019, ngongole idzasungunuka yokha. Wina akufuna kundipatsa ndalama yonseyo ya katapila pa 30 peresenti pa mwezi. Mlongo wanga akuti tigulitse nyumba ya makolo ya ku Mufakose, momwe mayi akukhala, ngakhale idakali m'dzina la malemu bambo. Mnansi wanga amachititsa lendi chipinda chimodzi pa US$70, koma ine sindinayesepo. Ndichite chiyani?

Bambo wa ana atatu, Harare

Yankho

Bambo, nyumba yanu sinapite, ndipo kalata ya maloya yomwe mwalandirayo si chigamulo cha khoti. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa pa zaka zomwe ndinagwira ntchito mu ofesi yoona za ngongole za nyumba, ndinaona kuti mantha ndi amene amagwetsa anthu ambiri kuposa kukula kwa ngongoleyo. Ndimakumbukirabe mayi ena achikulire omwe anafika pa desiki yanga atanyamula jumbo yodzaza maenvulopu, ambiri mwa iwo osatsegula n'komwe. Amuna awo ankawabisa kuseri kwa kabati, poganiza kuti akapeza ntchito adzalipira zonse pakamodzi popanda banja kudziwa. Titayamba kutsegula limodzilimodzi tinapeza kuti makalata atatu oyambirira ankangowapempha kuti abwere tidzakambirane, lachinayi linali la maloya, ndipo pansi penipeni panali chisamani cha ku khoti chomwe masiku ake oyankhira anali atadutsa kalekale. Ngongole yomwe anatsalira inali yochepa kuposa yanuyi. Inu mwatsegula kalata yanu ndipo mwafunsa nthawi ikadalipo, choncho tiyeni tiigwiritse ntchito nthawiyo.

Choyamba tulutsani mapepala onse omwe munasainira mu 2022, chifukwa mawu akuti "nyumba ya sikimu ya khonsolo" amaphimba zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Nyumba zakale za ku Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivaresekwa ndi Highfield, momwe makolo athu ambiri ochokera ku Nyasaland anakhala, zinali za lendi za khonsolo, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1980 boma linalimbikitsa kuti zambiri mwa izo zigulitsidwe kwa omwe ankakhalamo, azilipira pang'onopang'ono. Anthu ambiri anamaliza kulipira koma mpaka lero alibe title deed, chikalata cha umwini wa nyumba, ali ndi mgwirizano wogulitsirana wokha ndi dzina lawo mu faelo ya khonsolo. Masikimu a zaka zaposachedwa amayenda mwanjira ina: khonsolo imapereka malo, banki imamanga kapena kubwereketsa ndalama, monga zinachitikira ku Budiriro komwe banki ya CABS inamanga nyumba zoposa 2,000 mogwirizana ndi khonsolo ya Harare, kapena ku Dzivaresekwa komwe National Building Society, banki yomwe NSSA, bungwe la boma loona za penshoni, inakhazikitsa mu 2016, inamanganso nyumba. M'masikimu oterewa amene mumamubwezera ndalama si khonsolo, ndi banki, ndipo banki imabwereketsa ndalama za anthu ena omwe anaisungitsa. Amene akukuuzani kuti nyumba yotere salanda akukumbukira khalidwe la khonsolo la zaka zapitazo, lomwe linkazengereza kuthamangitsa anthu, koma khalidwe limenelo silimanga banki ngakhale pang'ono.

Pamapepala anuwo yang'anani chinthu chimodzi: kodi nyumbayo inalembetsedwa kale m'dzina lanu ku Deeds Registry, ofesi ya boma yosunga zikalata za umwini wa malo, banki n'kuikapo chikole chomwe amachitcha mortgage bond, kapena idakali m'dzina la wogulitsa mpaka mudzamalize kulipira? Ngati idakali m'dzina la wogulitsa ndipo inu mukulipira m'zigawo, muli pansi pa lamulo la Contractual Penalties Act, Chapter 8:04. Ndime 8 ya lamuloli imaletsa wogulitsa kuthetsa mgwirizano, kapena kuitanitsa ndalama yonse yotsala pakamodzi, asanakulembereni kalata yofotokoza chomwe mwaphwanya ndi kukupatsani nthawi yokonzera, yomwe siyenera kuchepera masiku 30. Makhoti a dziko lino akhala akukana kuthetsa migwirizano pomwe wogulitsa analumpha kalata imeneyi. Koma ngati nyumba ili kale m'dzina lanu ndipo pali bond, chomwe chikulamulira ndi mawu a mu bond momwemo, ndipo pafupifupi bond iliyonse imakhala ndi ndime yonena kuti mukalumpha malipiro banki ili ndi ufulu woitanitsa ngongole yonse, osati miyezi yomwe mwatsalira yokha. N'chifukwa chake nambala yomwe ili pa kalata ya maloya nthawi zina imakhala yaikulu mowopsa. Musaitenge ngati ndalama yomwe akuyembekeza kuti mubwere nayo mawa. Ndi nambala yomwe adzapite nayo ku khoti ngati simuonekera.

Njira yochoka pa kalata imeneyo kukafika pogulitsa nyumba ndi yaitali, ndipo ili ndi makomo angapo omwe amatseguka masiku owerengeka okha. Maloya akaona kuti simunayankhe amatulutsa chisamani, chomwe amabweretsa ofisala wa khoti, a Sheriff ngati mlandu uli ku High Court, kapena a Messenger of Court ngati uli ku khoti la majisitireti. Ku High Court mumakhala ndi masiku khumi oti mulembetse kuti mudzadziteteza, ndipo chiwerengero cha masiku chimalembedwa pa chisamanipo. Mukakhala chete, banki imapeza chigamulo popanda inu kumvedwa, kenako a Sheriff amagwira nyumbayo mwalamulo, kukupatsani chidziwitso, kulengeza mu Government Gazette ndi m'nyuzipepala, n'kuigulitsa pa okushoni. Malamulo a High Court ali ndi khomo lapadera la nyumba yomwe mwini ngongole kapena banja lake akukhalamo. M'malamulo akale linali Rule 348A, ndipo m'malamulo a 2021 lili pansi pa Rule 71. Limalola kuti pasanathe masiku khumi chilandirireni chidziwitso choti nyumba yagwidwa, mupemphe woweruza aimitse kapena achedwetse kugulitsako, mutasonyeza kuti banja lidzavutika kwambiri komanso kuti mwapereka dongosolo lomveka lobwezera ngongole. Ndikuchenjezeni kuti oweruza akhala akusiyana maganizo ngati khomo limeneli limathandiza munthu yemwe anaika yekha nyumbayo ngati chikole, choncho si pamenepo poti muikepo chiyembekezo chanu chonse. Ndime 74 ya malamulo oyendetsera dziko a 2013 imanenanso kuti palibe angachotsedwe m'nyumba yake popanda chilolezo cha khoti. Izi zikutanthauza kuti wogwira ntchito ku banki kapena wotolera ngongole sangabwere kudzaika loko pakhomo panu. Koma ndimeyi sifufuta ngongole, imangoonetsetsa kuti nkhani idutse pamaso pa woweruza.

Tsopano tifike pomwe pali ntchito yeniyeni, pokambirana ndi banki. Anthu ambiri sadziwa kuti banki siifuna nyumba yanu. Kugulitsa pa okushoni kumaidyera miyezi yambiri, ndalama za maloya, ndalama za a Sheriff, ndipo mtengo womwe umapezeka kumeneko nthawi zambiri umakhala wotsika. Wogwira ntchito yotolera ngongole amasangalala kwambiri ndi faelo yomwe yayambiranso kulowa ndalama kusiyana ndi faelo yomwe yapita ku khoti. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitsekocho muyenera kuchitsekula ndi manambala, osati ndi madandaulo okha. Ndinamvapo anthu ambiri akunena kuti "zinthu zikayenda ndidzalipira", ndipo mawu amenewa palibe bwana wa ku banki angawasainire, ngakhale atakumverani chisoni chotani, chifukwa iyenso ayenera kukawafotokozera omuyang'anira.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala anu omwe. Mumapeza pafupifupi US$350. Kuchotsapo US$210 kukutsala US$140 ya chakudya, magetsi, madzi, sukulu ya ana atatu ndi ya kombi, zomwe sizingatheke, ndipo n'chifukwa chake mwatsalira. Apa palibe ulesi kapena kusasamala, ndi masamu chabe. Koma muli ndi zipinda zinayi. Zipinda ziwiri pa mtengo womwe mnansi wanu akulandira zingabweretse US$140, ndipo zopeza zanu zingakwere kufika pa US$490. Ngati banki italola kuti US$1,050 yomwe mwatsalirayo muibweze pa miyezi 21, ndiye kuti US$50 pamwamba pa malipiro a mwezi, zonse pamodzi US$260, n'kutsala US$230 ya pakhomo, tisanawerengere chiwongoladzanja chomwe angaonjezere pa zotsalirazo. Ndi moyo wothina, wa anthu asanu m'zipinda ziwiri, ndipo sindikuupeputsa. Komabe ife tonse tinakulira m'malaini momwe maloja, anthu ochita lendi chipinda, ndi amene ankalipirira ana a eni nyumba sukulu, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Musanalowetse loja werengani mgwirizano wanu, chifukwa masikimu ena amafuna chilolezo cha banki kapena cha khonsolo nyumba isanachititsidwe lendi. Ngati ndime yotere ilipo, pemphani chilolezocho m'kalata yomweyo yomwe mukupereka dongosolo lanu.

Kalata imeneyo ikhale yaifupi. Inene tsiku lomwe ntchito inatha, muikepo kope ya kalata yokuchotsani ntchito, inene zomwe mukupeza panopa popanda kukokomeza kapena kubisa, ndalama yomwe mupereke mwezi uliwonse ndi tsiku lake. Mupemphenso, ngati njira yachiwiri, kuti atalikitse zaka za ngongole kuti malipiro a mwezi atsike. Kutalikitsa kumachepetsa katundu wa lero koma kumachulukitsa chiwongoladzanja chonse chomwe mudzapereke pomaliza, choncho afunseni akulembereni manambala onse awiri muone nokha. Kalatayo mupite nayo ndi manja anu, ina ku banki ina kwa maloya awo, ndipo kope yanu aidinde chidindo cha tsiku. Mupitenso ndi kandalama kalikonse komwe mungathe, kaya US$100, chifukwa dongosolo lobwera limodzi ndi lisiti limamveka mosiyana ndi lobwera chimanjamanja. Funsani bwinobwino akaunti yoti mulipiremo, popeza faelo ikafika kwa maloya nthawi zina ndalama imalowera kwa iwo. Zomwe mwagwirizana pakamwa kapena pa foni, ngati sizinalembedwe ndi kusainidwa, ziwerengeni ngati sizinachitike, chifukwa munthu wokoma mtima yemwe munalankhula naye angasamutsidwe mwezi wamawa.

Pemphaninso sitetimenti yonse ya ngongole kuchokera tsiku loyamba, ndipo muiwerenge mzere ndi mzere ndi cholembera m'manja. Onani ngati malipiro anu onse analowa, chiwongoladzanja chomwe akuwerengera, zilango za kuchedwa, ndalama za maloya, ndi za inshuwalansi. Za inshuwalansizo ziyang'anitsitseni. Ngongole zambiri za nyumba zimakhala ndi inshuwalansi ya nyumbayo komanso ya moyo wa wobwereka, ndipo ina imathandizako munthu akachotsedwa ntchito, ngakhale si yonse. Funsani kuti yanu imateteza chiyani, komanso ngati idakali yamoyo pomwe mwatsalira miyezi isanu, chifukwa inshuwalansi ya moyo ikafa mwakachetechete, chinachake chitakuchitikirani, ngongole yonse ingatsalire mayi akunyumba ndi ana. Chinthu china chomwe maloya angakuikireni patebulo ndi pepala lovomereza ngongole kapena lovomereza chigamulo. Nthawi zina ndi mbali ya mgwirizano wabwino, koma limafupikitsa njira ya banki yopita ku okushoni mukadzalumphanso mwezi umodzi. Musalisainire tsiku lomwelo, tengani kope mukaonetse loya.

Za ntchito yanu yomwe inatha ndinene mwachidule. Ngati munachotsedwa chifukwa fakitale inachepetsa antchito, malamulo a zantchito amakupatsani ndalama ya chipukutamisozi, kuonjezera pa ya masiku a tchuthi ndi ya notisi. Ngati simunalandire zonse, pitani ku National Employment Council ya gawo lanu kapena kwa ofisala wa zantchito, ndipo mufunsenso ku thumba la penshoni lomwe fakitale inkadulira. Pepala losonyeza kuti pali ndalama yomwe ikubwera ndi lamphamvu kwambiri pa tebulo la banki.

Amene akukuuzani kuti mudikire ndalama isinthe sakunama za zomwe zinachitika, akulakwitsa za zomwe zingachitike kwa inu. Mu Febuluwale 2019 boma linatulutsa Statutory Instrument 33, yomwe inasandutsa ngongole zam'dziko muno zomwe zinali m'madola a ku America kukhala madola a RTGS, ndalama ya m'dziko muno ya nthawi imeneyo, pa mtengo wa imodzi kwa imodzi, ndipo mu Januwale 2020 Supreme Court, pa mlandu wa Zambezi Gas, inatsimikiza zimenezi. Kukwera mitengo kwa zinthu kutabwera, ambiri anamaliza ngongole zawo za nyumba ndi ndalama yosakwana n'komwe kugula matumba angapo a simenti. Mabanki anaphunzirapo, ndipo ndi chifukwa chake ngongole yanu ya 2022 inalembedwa m'madola enieni a ku America. Pomwe ZiG inabwera mu Epulo 2024, inalowa m'malo mwa dola ya Zimbabwe, koma ngongole za madola a ku America zinakhalabe momwe zinalili, ndipo ZiG itagwa mu Seputembala chaka chomwecho, amene anapwetekeka ndi omwe amalandira ZiG pomwe akubweza madola. Mu 2023 boma linanena kuti madola a ku America apitiriza kugwira ntchito mpaka 2030. Kaya chidzachitika n'chiyani chaka chimenecho, mlandu wanu ungafike pa okushoni zaka zambiri chisanafike. Enanso amakumbukira 2013, pomwe nduna Ignatius Chombo inalamula makhonsolo kuti afufute ngongole za anthu za madzi ndi misonkho ya nyumba chisankho chitayandikira. Zimenezo zinali ngongole za khonsolo, sizinakhudze mabanki, ndipo anthu omwe anasiya kulipira poyembekeza kuti zidzabwerezedwa ndi omwe lero ali ndi mabilu aakulu ku Rowan Martin, ofesi ya khonsolo yolipirira mabilu.

Katapila, yemwe anzathu kuno amamutcha chimbadzo, mumukane lero lomwe. Pa 30 peresenti, US$1,050 imabala US$315 mwezi uliwonse, chiwongoladzanja chokhachokha, pomwe US$210 ya banki ikukudikiraninso. Mungakhale mutasinthanitsa ngongole yomwe ili ndi malamulo, makalata ndi woweruza, n'kutenga ina yomwe ilibe chilichonse cha izi. Pali lamulo lomwe maloya amalitcha in duplum, lonena kuti chiwongoladzanja chosalipidwa chimasiya kukula chikafanana ndi ngongole yotsala, koma wakatapila sabwera ndi buku la malamulo pakhomo. Choopsa kwambiri n'chakuti ambiri a iwo amasainitsa munthu mgwirizano wogulitsa nyumba, n'kumuuza kuti ndi chikole chabe ndipo adzang'amba akabweza. Makhoti savomereza kuti wobwereketsa angotenga chikole kukhala chake chifukwa ngongole yalephereka, koma kuti mutsimikizire woweruza kuti pepala lolembedwa kugulitsa linali ngongole, pamafunika loya, mboni ndi zaka. Ngati pali pomwe mungapeze kandalama koyambira, yang'anani ku mukando, gulu losonkherana ndalama, la mayi akunyumba, kwa abale omwe ali ku Johannesburg, kapena ku mpingo ndi ku sosaite ya maliro komwe anthu akwathu akhala akugwirana manja kuyambira kale.

Nyumba ya ku Mufakose ndiyo yandikhudza kwambiri pa kalata yanu, ndipo ndikupemphani, inu ndi mlongo wanu, kuti muisiye. Choyamba, si yanu yoti mungagulitse. Malamulo a chuma cha masiye a dziko lino, makamaka chisinthireni mu 1997, amapereka nyumba yomwe banja linkakhalamo kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, yemwe ankakhalamo pomwe mnzake ankamwalira. Ngati mayi anali pabanja ndi bambo ndipo ankakhala momwemo, nthawi zambiri nyumbayo imakhala ya mayiwo. Chachiwiri, nyumba yomwe ili m'dzina la malemu singagulitsidwe mwalamulo chuma chamasiye chisanalembetsedwe kwa Master of the High Court, ofesi yoona za chuma cha masiye, ndi kusankhidwa munthu wochiyendetsa, ndipo ngati ilibe title deed, kusintha dzina kumadutsa ku ofesi ya nyumba ya khonsolo ku Remembrance Drive ku Mbare, komwe adzafunenso kuti mabilu onse akhale olipidwa. Zimenezi zimatenga miyezi yambiri kuposa yomwe maloya a banki angakudikireni. Kugulitsa mwachidule, kongosainirana pa pepala la polisi, n'komwe kwadzaza makhoti ndi milandu ya nyumba imodzi yogulitsidwa kawiri. Chachitatu, ndipo ichi ndi chigamulo changa monga munthu, si chanzeru kuika pangozi denga lomwe linalipidwa kale pofuna kupulumutsa denga lomwe lidakali pangongole. Bambo anu anachoka ku Dedza, nalipira nyumba imeneyo ndi malipiro a zaka zambiri, ndipo mabanja ngati athu alibe mudzi wapafupi wothawirako monga momwe anzathu amabwerera ku Murehwa kapena ku Mutoko zinthu zikavuta. Kwa ambiri a ife Mufakose ndiye kumudzi. Chomwe ndingakulimbikitseni n'chakuti mulembetse chuma cha malemu, nyumbayo ilowe m'dzina la mayi akadali ndi moyo. Ngati chitupa chawo chidakali cholembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo, koma anabadwira m'dziko lino, ndime 43 ya malamulo a 2013 imazindikira ngati nzika anthu obadwira kuno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC, ngati obadwawo ankakhala kuno pomwe malamulowo ankayamba, choncho apite kwa Registrar General akakonze chitupacho.

Komabe nyumba ya ku Mufakose ingakuthandizeni mwanjira ina yomwe mlongo wanu sanaiganizire. Ngati mayi angavomere ndipo malo alipo, banja lanu lingakhale nawo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, nyumba yanu yonse n'kuichititsa lendi. Zipinda zinayi pa mtengo wa mnansi wanu ndi US$280, zomwe zingalipire US$210 ya mwezi pamodzi ndi US$50 ya zotsalira, popanda kukhudza zomwe inu ndi mayi akunyumba mumapeza. Ndikudziwa kuti kwa bambo wa ana atatu kubwerera m'nyumba ya makolo n'kowawa, ndipo mayi akunyumba ayenera kufunsidwa mwaulemu, osati kungouzidwa, chifukwa ndi iwo amene adzagawane khitchini ndi apongozi awo. Koma pa njira zonse zomwe ndinaona zikugwira ntchito, imeneyi ndi yomwe inapulumutsa nyumba zambiri, chifukwa lendi ya nyumba yonse ndi nambala yomwe banki imaikhulupirira mosavuta. Loja mumulembere mgwirizano, ndipo ngati n'kotheka ndalama yake ilowe mwachindunji ku akaunti ya ngongole, isadutse m'thumba lanu momwe zosowa za tsiku ndi tsiku zingaidye.

Ndiyeneranso kunena chomwe simungakonde kumva. Ngati mutayesa zonsezi kwa miyezi itatu kapena inayi n'kuona kuti manambala akukanabe, gulitsani nyumbayo nokha a Sheriff asanaigulitse. Mukagulitsa nokha, ndi chilolezo cha banki, mumasankha mtengo ndi nthawi, banki imatenga zake, ndipo zotsala ndi zanu, zomwe zingagule poloti kapena kukhala mpamba. Mudzafunika satifiketi ya khonsolo yosonyeza kuti mabilu alipidwa ndi ya msonkho wa phindu yochokera ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo masikimu ena amaletsa kugulitsa zaka zingapo zoyambirira popanda chilolezo, choncho apanso bwererani ku mgwirizano wanu. Pa okushoni ogula amabwera kudzafuna zotchipa, ndalama zoyendetsera kugulitsako zimachotsedwa koyamba, ndipo ngati mtengo sunakwane ngongole, yotsalayo imakutsatanibe. Ngongole ya bond ndi ya chigamulo cha khoti, malinga ndi Prescription Act, imakhala yamoyo zaka 30, osati zitatu ngati ngongole wamba. Dzina lanu lingalowenso m'kaundula wa obwereka wa Reserve Bank of Zimbabwe ngati wolephera kubweza, zomwe zingakutsekereni makomo ena mtsogolo. Malamulo amalola kutsutsa kugulitsa kwa pa okushoni ngati mtengo unali wotsika mopanda nzeru, koma munthu akafika pamenepo amakhala akumenyera zotsala.

Loya simungamulipire panopa, ndikudziwa. Legal Aid Directorate ya unduna wa zachilungamo imathandiza anthu osapeza bwino, ndipo Legal Resources Foundation ilinso ndi ofesi mu Harare muno. Pitani ndi mgwirizano, bond ngati ilipo, malisiti onse, sitetimenti ndi kalata ya maloyayo pamodzi ndi envulopu yake. Pa envulopupo lembani tsiku lomwe inafika m'manja mwanu ndi dzina la yemwe anailandira pakhomo, ndipo muuze ana ndi aliyense wa pakhomo kuti pepala lililonse lobwera ndi a Sheriff kapena a Messenger lifike kwa inu tsiku lomwelo, chifukwa lamulo limawerenga kuti mwalandira ngakhale litasiyidwa kwa munthu wina wamkulu wa pakhomo panu. Masiku a malamulo a High Court sawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide, koma masiku olembedwa m'kalata ya maloya nthawi zambiri amawerengedwa onse motsatana. Mwanena kuti kalatayo inabwera sabata yatha, ndiye kuti masiku angapo apita kale, ndipo kalata yanu ya dongosolo iyenera kufika ku banki sabata ino isanathe.